Duwa Loduka Tsamba

Kalekale, kutsidya kwa nyanja yamchere, kudziko la Amwenye, kunali mudzi wa anthu odinda nsalu. Senderani kuno ana inu, mumve bwino.

Anthuwa ankasema duwa pakathabwa, n'kukaviika mu utoto, n'kudinda pansalu yoyera. Kuviika, dii! Kuviika, dii! Utoto wakuda ankaupanga poviika zitsulo zadzimbiri m'madzi a nzimbe, wofiira ankaphika mizu. Khomo lililonse linali ndi duwa lakelake, ndipo mtsikana pa ukwati wake ankavala duwa la bambo ake. Wopanda duwalo ankamunena kuti alibe kwawo.

M'mudzimo munali mayi wamasiye dzina lake Dhapu, ndi mwana wake wamkazi Jamna. Mwamuna wake atamwalira, Dhapu sanafunenso kuchiona chidindo cha malemuwo. Anachikulunga m'kasanza n'kuchiponya kuseri kwa mitsuko, osachinyika m'mafuta monga amachitira odinda onse.

Jamna anakula, banja linapezeka. Dhapu anakatenga kasanza kaja, kumasula.

"Mayo ine! Chiswe!"

Chidindo chonse chinali fumbi lokhalokha.

"Amayi, ndiye ine ndikalowa m'banja ndi duwa lobwereka?" anafunsa Jamna, misozi ili mbwembwembwe.

Dhapu anathamangira kwa mlamu wake Mangilal, nkhalamba yolongolola yosema zidindo.

"Alamu, ndisemereni duwa la achimwene anu."

"Mafuta onse munathera kukazinga zitumbuwa eti?" anatero Mangilal. "Ine ndasema maluwa ambirimbiri, m'mutu muno asakanikirana. Bweretsani nsalu imene iwo anadinda, ndionere."

Koma nsalu zamaluwa za malemuwo Dhapu anazigawa pa maliro. Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Odi! Muli nayo nsalu ya malemu?"

"Inang'ambika kalekale."

"Odi! Muli nayo nsalu ya malemu?"

"Tinapukutira miphika, mayi."

Anabwerera kunyumba chimanjamanja, n'kukhala pansi pafupi ndi khola. Mbuzi yake inali itagona pachinsalu chokhuthala, ikubzikula. Dhapu anayang'ana chinsalucho. Anayang'ananso. Ii! Si chija mwamuna wake ankayala pathebulo, kunsi kwa nsalu iliyonse imene ankadinda? Utoto unkadutsa n'kutsalira pamenepo. Pakati ponse panali bii, maluwa kusanjikizana. Koma m'mphepete, duwa limodzi lili lokha, loonekera bwinobwino!

"Dzuka iwe! Wagonera ukwati wa mwana wanga!"

Chinsalu m'manja, liwiro kwa Mangilal. Nkhalamba inatseka mphuno.

"Fungoli ndilisemenso?"

Koma itaona duwalo inaweramira pachinsalupo. Inalisisita ndi chala.

"Ndi lomweli," inatero. "Komatu tsamba limodzi ndi loduka. Ndilikonze?"

"Ayi alamu, lisiyeni. Tsiku lobadwa Jamna, achimwene anu atamva kulira kwa khanda anagwetsa chidindo pamwala, n'kuthamangira m'nyumba manja ali utoto okhaokha. Sanalole kuti munthu alikonze."

Mangilal anasema. Go, go, go! Anasema duwa, tsamba loduka n'kulisiya loduka. Chidindocho anachinyika yekha m'mafuta. "Inu sindikukhulupirirani," anatero.

Dhapu anayala nsalu yoyera. Kuviika, dii! Kuviika, dii! Anaichapa kumtsinje, n'kuiyanika pamchenga.

Pa tsiku la ukwati Jamna anatuluka atavala nsaluyo, amayi a m'mudzi n'kufuula.

"Duwa la bambo ake! Taonani tsamba loduka lija!"

Jamna ankangogwiragwira tsambalo, poti tsopano ankadziwa chimene linadukira. Dhapu anagwada pamaso pa mlamu wake.

"Alamu, mwamubwezera mwana wanga bambo ake. Zikomo."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi," anatero Mangilal akupukuta m'maso. "Kathokozeni mbuzi. Inadya madengu anga, inadya nsapato yanga, koma chinsalu chija inachisiya."

Dhapu anapitadi kukhola. Tsiku limenelo mbuzi inavala nkhata ya maluwa m'khosi, ndipo isanathe nyimbo yoyamba inali itaidya.

Nthano yanga ndaipinda, yathera pomwepa. Chimene anakusiyirani okukondani muzichisamala, ndipo wokuthandizani kuchipeza muzimuthokoza, ngakhale akhale mbuzi.