Tsiku Limene Yotamu Anasowa Womuvomera Nyimbo

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu, mlongo wawo wa agogo a amayi anu. Mawu ake aja! Akaima pachulu kuingitsa mpheta kumpunga, zinkathawa ndi za m'minda ya eni tsidya lija. Mukuseka?

Wansembe wina wa ku Italiya atamumva akuimba tenala mu kwaya, anati amutenge kupita naye kwawo akaphunzire opera. Opera, ana inu, ndi sewero loti mawu onse amachita kuimba, popanda chokuzira mawu.

Malume ake, a Sandalamu, anakana. "Iwe Yotamu, nyimbo imafuna woyambitsa ndi wovomera. Kumeneko akakuvomera ndani? Udzabwerako utazyolika."

"Akandivomera, malume."

Liuma! Anapita basi.

Anaphunzira, anaphunzira, mpaka tsiku lake linakwana. Chinyumba chachikulu, anthu thothotho mpaka m'mwamba. Anali atamuuzatu kuti kumeneko amamvera ali chete, koma mtima wa mwana wa kuno ungamve zimenezo?

Anayamba kuimba. Anthu zii. Anakweza mawu. Zii. Wotsokomola yemwe panalibe. Nanga kwathu kuno ukayambitsa nyimbo anthu n'kukhala chete, ndiye kuti chiyani? Akukana! Mumtima anati, "Malume ananena." Anafuna kuthawa, inde anafuna kuthawa. Koma liuma lija linamugwira miyendo. Anati, "Kaya andikana, nyimbo yokha ndimaliza."

Anayang'ana mpando wa kumapeto ngati akuona mpheta za tsidya lija, n'kutulutsa liwu lomaliza. Linakwera, linakwera, osaduka. Atamaliza anawerama, n'kutuluka misozi ili m'maso kuti akamange katundu.

Pomwepo kunamveka chiphokoso ngati mvula pa malata. Mayi amene ankaimba naye anamukoka jekete. "Ukupita kuti? Akukuitana!"

"Nanga bwanji sanandivomere?"

"Kuvomera kwathu n'kumeneku!"

Atabwerera anapeza anthu onse ataimirira, ena akulira, onse akufuula dzina lake. Yotamu wathu, wa kumpunga! Kuchokera tsiku limenelo mayiko ankachita kumulimbirana.

Atabwera kudzacheza, anakwera pachulu pomwe paja n'kuimba m'Chitaliyana. A Sandalamu, okalamba kale, osamva ngakhale liwu limodzi la Chitaliyanacho, anadzuka ndi ndodo yawo n'kuyamba kuvomera, "Eee! Eyaye!" Amayi nthungululu! Yotamu analephera kupitiriza, kuseka uku akulira. Ine ndikaikumbukira nkhani imeneyi mtima umandidzadza.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno mwana akayamba chinthu, anthu n'kumuyang'ana ali duu, sitilola kuti asiyire panjira. Timamuuza kuti mwina akumvetsera. Ndipo iwe Elube, ndamva kuti Lamulungu unakhala pansi nyimbo ili pakati. Taimirira, uimalize. Ife tikuvomera.