Kachitsamba ka M'ming'alu ya Miyala

Che Lajabu, mwini golosale yaikulu ku Liwonde, anafika kwa Shehe Ndembo swala, pemphero la masana, itangotha. Salamu anapereka mothamanga ngati basi ikuwasiya, ndipo mkeka sanauyang'ane n'komwe.

"Shehe, mayi anga anditopetsa. Ndinawachotsa kuphiri la Chikala, kosafika ndi njinga yomwe, n'kuwapatsa chipinda cha matailosi. Lero akukana kudya, akungoonda, ati ndiwabwezere kwawo. Anthu aziti chiyani? Tiyeni mukawauze kuti kusayamika ndi tchimo."

Shehe anali nkhalamba yosathamangira mawu, khalidwe lomwe limapsetsa mtima anthu ngati Che Lajabu.

"Pepani, bambo. Akamati kwawo, amatchula chiyani?"

"Zachabechabe! Kachitsamba kena ka m'miyala, ka timapesi takuda, kopanda duwa, kopanda chipatso. Ati utsi wa masamba ake umawaletsa mutu. Ndinatuma anthu katatu konse kukakazula. Ndinakabzala m'manyowa a nkhuku, kuthirira m'mawa ndi madzulo, koma katatu konse kanavunda. Nakonso n'kosayamika!"

Shehe anatola ndodo yawo n'kupempha Che Lajabu kuti awaperekeze pamtunda kuseri kwa mzikiti. Unali mwezi wa Okutobala, mitengo ya mombo isakupereka mthunzi wokwanira, ndipo nsapato zosongoka za mlendoyo zinkangoterereka. Bamboyo anakwera akung'ung'udza. Iye anadzera chigamulo, osati kudzatuluka thukuta pathengo.

Pansi pa thanthwe lina, Shehe analoza mumng'alu. Munali kachitsamba komwe kaja, masamba atakwinyika ndi dzuwa.

"Ndi komweka, koma kafa," anatero Che Lajabu.

"Sikanafe ayi. Mvula yoyamba ikadzagwa kadzatambasuka. Takazulani, bambo."

Che Lajabu anakoka mwaukali, pofuna kuti zithe azipita. Timapesi tinathyoka, mizu yonse n'kutsalira mkati mwa mwala. Anayang'ana masamba ophwanyika m'manja mwawo, manyazi n'kuwagwira.

Shehe analankhula motsitsa mawu.

"Ndi zomwezo zimene anthu anu ankakubweretserani, ndipo ndi zomwezo muli nazo m'chipinda cha matailosi chija. Mulungu analamula kuti makolo tiziwachitira zabwino, sanati tiziwazula. Ine sindikawadzudzula mayi anu. Abwezereni kuphiri akadali ndi mphamvu zokwera okha, ndipo ulendo wovutawo muziyenda ndinu."