Tepi Imene Inathera Pachitseko

Panali munthu wina ku Chinamwali, telala wa pakhonde la sitolo, dzina lake Malunga. Munthuyu anakonda filimu imodzi moyo wake wonse.

Anaionera koyamba ali mnyamata, m'nyumba ya vidiyo ya kuseri kwa msika, momwe mazenera ankatsekedwa ndi masaka ndipo mabenchi anali a matabwa osapala. Filimuyo inali ya anthu othawa dziko lawo limene linkapsa, atakwera chombo chachikulu kukafuna malo ena pakati pa nyenyezi. Woyendetsa chombocho anali mayi wa chipsera pachipumi. Dzina lake lachizungu palibe amene ankalimva bwino, choncho anthu a m'vidiyomo anangomutcha Nangozo.

M'vidiyo muja munali mwambo wake. Filimu sinkaoneredwa mwakachetechete. Chizungu cha m'mafilimu chinkathamanga, ndiye amene waionerapo kale ankafotokozera anzake mokweza: uyu ndi mdani, uyu musamukhulupirire, apa gwirani mtima. Malunga anaionera filimu ya Nangozo kambirimbiri, mpaka anthu anayamba kulimbirana benchi imene iye wakhalapo.

Mathero ake anali otere. Moto unabuka kumbuyo kwa chombo. Chitseko chachitsulo chotsekera motowo chinakana kutsekeka, pokhapokha wina atachikoka ali kumbali ya motoko. Nangozo anakankhira anthu onse kutsogolo, nakoka chitsekocho yekha, naika chikhatho chake pakagalasi. Pomwepo chithunzi chinkazima, pa TV n'kutsala timadontho toyera tija anthu ankati mpunga. Mwini vidiyo ankatsegula khomo n'kufuula kuti, "Yatha! Tulukani, alowe ena!" Anthu ankatuluka padzuwa akuphethiraphethira.

Malunga anakula, nakwatira, nakhala ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwandida. Mkazi wake anadwala nthawi yaitali, koma sanasiye kupita kumsika ndi dengu lake la tomato, poopa kuti mwana angasiye sukulu. Anamwalira Mwandida asanamalize pulayimale. Maliro atatha, achibale atabalalika, mwanayo anafunsa bambo ake kuti, "Nanga amayi atisiyiranji?"

A kumpingo anali atanena kale mawu awo, ndipo anali abwino, koma mwanayo anafunsabe. Ndiye Malunga anamukhazika pambali pa makina osokera, namufotokozera nkhani ya Nangozo kuyambira pachiyambi mpaka pachitseko. Pomaliza anati, "Alipo anthu amene amatsala kuseri kwa chitseko kuti anzawo apitirize ulendo. Amayi ako ndi mmodzi wa iwowo."

Mwanayo anamva. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo inakhala ya awiriwo. Za malemu sankatha kuzikamba mwachindunji, koma za Nangozo ankazikamba, ndipo aliyense ankadziwa amene akunenedwa.

Zaka zinapita. Matepi anasowa, nyumba ya vidiyo ija inasanduka golosale. Mwandida anapita ku koleji, napeza ntchito ku Blantyre. Tsiku lina anabwera kudzaona bambo ake, nawauza kuti anthu ena apanga filimu yatsopano yopitiriza ija yakale. Chombo n'china, osewera n'ngatsopano, koma Nangozo alimo, ali moyo, wakalamba.

Malunga sanaleke kupalasa makina.

"Munthu tinamuika m'manda kalekale," anatero. "Akumufukula kuti agulitsire malonda awo. Ana a masiku ano alibe manyazi."

"Matikiti ndagula kale, ababa."

"Kawapatse anzako."

"Ndagulira inuyo."

Mphatso ya mwana saikana kawiri. Malunga anavomera, koma anaika mawu ake patsogolo. Anati, "Ndipita. Koma akangonama, ine ndituluka, ndipo dzina la Nangozo usadzalitchulenso pamaso panga."

Mwandida anadziwa kuti bambo ake sabweza mawu. Anadziwanso kuti dzinalo likatsekedwa, za amayi ake sadzakhalanso ndi pozikambira. Komabe anati, "Chabwino, ababa."

Loweruka masana analowa m'holo ya kanema mumzinda wa Blantyre. Munali mozizira, mipando yofewa, anthu ali zii ngati odikira dokotala. Malunga anakhala pakati. Kumanzere kwake Mwandida, kumanja atsikana awiri amene ankadya mbuliwuli m'kapepala kamodzi. Anapinda manja pachifuwa, kudikira bodza.

Filimu inayamba ndi zithunzi za ija yakale, zofuna kukumbutsa anthu pamene nkhani inalekera. Mitundu yake inali yofwifwa monga ankaikumbukira. Anaona moto. Anaona chitseko. Anaona chikhatho pakagalasi. Mtima wake unadikira mpunga.

Mpunga sunabwere.

Nangozo anachotsa dzanja pagalasi, natembenuka. Anakwawa pansi pa utsi, akutsokomola, mpaka anapeza kachombo kakang'ono kopulumukira kamene kanaiwalika pakona. Analowamo, nakankhidwira mumdima yekhayekha, chombo chachikulu chikupita kutali. Nkhope inali yomwe ija yachitsikana, chipsera chomwe chija, mitundu yomwe ija yofwifwa. Izi sizinali zosoka anthu atsopano. Telala amadziwa nsalu imodzi akaiona. Zinali za filimu yakale yomwe ija.

Pamenepo Malunga anazindikira. Tepi ya ku Chinamwali inali yokopera ku ina, nayonso yokopera ku ina, ndipo amene anaikopa kwinakwake inamuthera filimu isanathe. Mwini vidiyo sankadziwa. Onse okhala pamabenchi aja sankadziwa. Iye mwini, mfotokozi wamkulu, anaphunzitsa msika wonse maliro a munthu wamoyo.

Anaimirira.

"Iwe unkadziwa?" anafunsa mwana wake, mawu ali pansi.

"Ndinaionera yonse ndili ku koleji, ababa."

"N'kukhala chete zaka zonsezi?"

"Ndikanayambira pati? Nkhaniyi ndi imene munandilera nayo."

Wina kumbuyo anadandaula kuti, "Madala, khalani pansi, mwatitchinga!"

Malunga sanakhale. Manyazi anamugwira, kuti anatonthoza mwana wamasiye ndi nkhani yoduka. Kunsi kwa manyaziwo kunali china chowawa koposa: Nangozo anapeza kachombo, koma mayi wa Mwandida sanakapeze. Bodza limene analonjeza kuthawa silinalipo, koma choonacho chinamupweteka kuposa bodza. Anatembenukira kumanja kuti adutse. Mwandida anawerama, osayang'ananso filimu.

Pachinsalu chachikulu choonetserapo filimu panali pataoneka mayi wa imvi, wovala zigamba, akuthirira timbewu pansi pa galasi m'dziko lozizira lopanda munthu. Nyimbo inkalira mwachisoni. Mmodzi wa atsikana aja, akubweza miyendo kuti Malunga adutse, anafunsa mnzake kuti, "Koma agogo amenewa ndi ndani? Bwanji nyimbo ikuchita ngati pali maliro?"

"Kaya," anatero mnzakeyo akutafuna. "Mwina ndi mfiti ya m'filimumu."

Malunga anaima, phazi limodzi lili kale m'njira. Akanatha kupirira zambiri, koma kusiya Nangozo m'manja mwa anthu omutcha mfiti sakanatha. Anabwerera, nakhala pansi, naweramira kwa atsikanawo.

"Si mfiti ameneyo, mwanawe," ananong'ona. "Ameneyo ndi Nangozo. Anyamata onse mukuwaona m'chombo chatsopanochi, makolo awo akanapsa pakanapanda iyeyo."

"Nangozo?" mtsikanayo anaseka. "Wa kwa ndani?"

"Usaseke. Tamvera."

Ndipo anayamba kufotokoza monga ankachitira pamabenchi aja: chipseracho anachitenga kuti, nyimboyo inkalira pati kale, chifukwa chake mayiyo anayang'anitsitsa chitseko asanalowe. Wina kutsogolo anatembenuka kuti awaletse, koma mtsikana uja anati, "Asiyeni, akutithandiza." Ndipo pamene filimu inafika pa zinthu zatsopano zimene Malunga sanazimvetse, atsikanawo ndi amene ankamufotokozera, Mwandida akuonjezera kumanzere.

Filimuyo sinali yopanda chilema. Phokoso linali lambiri. Ndewu zinkatalika mpaka munthu kuiwala chimene akumenyerana. Nthabwala zina zinkagwera pamalo pofunika kukhala chete. Woyendetsa chombo chatsopano anali mnyamata wosalala nkhope, wooneka ngati sanagonepo ndi njala. Zonsezi Malunga anaziona, ndipo sanalakwe kuziona.

Koma chombo chitafika m'dziko lozizira lija, achinyamata atatsika n'kuima pamaso pa mayi wa imviyo, mayiyo sanapemphe chakudya, sanafunse kuti bwanji anachedwa. Anafunsa chinthu chimodzi: ngati anthu aja anafika. Anamuyankha kuti anafika, ndipo amene aima pamaso pakewa ndi ana awo. Mayiyo anakhala pansi pamwala, naphimba nkhope.

Zaka zonse zimene Malunga anafotokoza nkhaniyi, sanaganizepo kuti wotsala kuseri kwa chitseko sadziwa ngati anzake anafika. Anayang'ana kumanzere, kwa Mwandida. Mkazi wake sanapatsidwe mpata wofunsa funso limenelo, koma yankho lake linali litakhala pamenepo, lavala nsapato za ku ofesi, likupukuta mphuno ndi kansalu. Malunga analira osabisa, ndipo mtsikana wa mbuliwuli uja anamugwira paphewa ngati agogo ake enieni.

Anatuluka dzuwa likadali pamwamba. Kenako Mwandida analimba mtima.

"Ndiye mwaiona bwanji, ababa?"

"Phokoso lachuluka. Ndipo mnyamata uja sindingamupatse ngakhale ngolo kuti ayendetse."

"Basi?"

"Yakale ija inali bwino."

Mwandida anangogwedeza mutu. Anafika pokwerera minibasi asanafunse chimene chinali pamtima pake.

"Nanga zija munandiuza za amayi?"

Malunga anaima. "Pamene Nangozo ankakoka chitseko chija, kodi ankadziwa kuti kuli kachombo?"

"Ayi."

"Ndiye palibe chimene chasintha. Ndinakuuza theka la nkhani, koma thekalo linali loona. Linalo wandionetsa ndi iweyo." Kenako anati, "Wachita bwino kundibweretsa, mwana wanga. Zikomo. Amayi ako akanakonda mbewu za m'filimu zija; iwo ndi zomera anali pachibale."

Aka kanali koyamba kuti atchule malemuwo popanda kudzera mwa Nangozo. M'minibasi monse anakamba za iwo, mpaka kondakitala anachita kuwakumbutsa kuti afika.

Tsono inu amene muli ndi chinthu chimene munachikonda kalekale, kaya ndi filimu, kaya ndi nyimbo ya kumpingo, kaya ndi kachitidwe ka pamudzi, ndipo mwamva kuti ana achigwira n'kuchisoka mwatsopano: mkwiyo wanu si wopusa. Umachokera m'chikondi, ndipo kawirikawiri zolakwa zimene mukuzionazo zilipodi. Zinenani. Malunga sananame kuti phokoso linali bwino.

Koma musanaimirire kuti mutuluke, dzifunseni ngati pamene mumati ndi pamathero si pamene tepi yanu inathera. Tonsefe tinalandira zimene timakonda kudzera m'manja mwa ena, zokopera ku zokopera, ndipo palibe amene anazilandira zonse. Sizichititsa manyazi. Theka loona limatha kulera mwana mpaka kukula.

Inunso achinyamata amene mwaona mbali imene akulu anu sanaione, musathamangire kuwaseka. Mwandida anadikira mpaka atapeza njira yowaonetsera bambo ake atakhala nawo pambali, osati atawaimirira kutsogolo.

Ndipo kumbukirani ichi, akulu inu. Mukatuluka mokwiya, filimu siima. Imapitirirabe, ndipo pampando woyandikana ndi wanu pamatsala mwana amene sadziwa kuti mayi wa imviyo ndi ndani. Khalani pansi, mumuuze.