Dzina Limene Moto Unakana

Panali mtsikana wina, dzina lake Ndaziona, mwana wa mkulu wa mpingo. Anali mu Fomu 3, ndipo m'kwaya ndiye ankayambitsa nyimbo. Amayi a mvano akamuona akudutsa ankauza ana awo kuti, “Bwanji osatengera mnzanu uja?” Analibe mlandu amayiwo, poti mumtima mwa munthu simuoneka.

M'nyumba mwawo munkakhalanso Etinala, mwana wa malemu mayi ake aang'ono. Atsikana awiriwa ankagona chipinda chimodzi, kufunda bulangeti limodzi, kupitira limodzi kusukulu. Tsiku lina, sukulu zili pafupi kutsekera, bambo a Ndaziona anapeza foni pansi pa matiresi. M'fonimo munali mauthenga a mnyamata wina, mauthenga oti mkulu wa mpingo sangawerenge mokweza. Dzina la mtsikana munalibe. Anaitana onse awiri.

“Foni iyi ndi ya ndani?”

Inali ya Ndaziona, ndipo mnyamatayo ndiye anam'patsa. Koma mantha anatsogola.

“Ndi ya Etinala, ababa.”

Etinala anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kuzyolika. Sanayankhe kanthu. M'mawa mwake bambo aja anam'kweza minibasi ndi kachikwama kake, kum'bweza kumudzi kwa amalume ake. Pasanathe masiku kunamveka kuti amalumewo ati za sukulu zathera pomwepo, mwana wotere n'kum'pezera banja asanawachititse manyazi.

Kenaka tchuthi chachikulu chinayamba, nyengo ya misonkhano ya achinyamata. Ndaziona analembetsa dzina lake koyambirira.

Msonkhano woyamba unachitikira pasukulu ina ya pulayimale. Ankagona m'makalasi, pamikeka, kulawirira kupemphero kukadali chisisira, kuimba mpaka mawu kusasa. Kumisonkhanoyi kunali mwambo wake. Tsiku lomaliza masana, aliyense ankalandira pepala long'ambidwa m'kope, n'kulembapo chimene chikumulemera mumtima. Akalemba ankalipinda, kuima pamzere, n'kukaliponya m'chidiramu chodula pakati, momwe munkayaka moto. Ndaziona analemba liwu limodzi lokha: “Bodza.” Pepala linapsa iye akuona. Analira, thupi linapepuka, ndipo palole yobwerera kwawo ndiye ankaimba kuposa onse.

Atafika kunyumba anatsegula chitseko cha kuchipinda. Yunifolomu ya Etinala inali chipachikire pamsomali. Katundu yense wa mumtima uja anam'bwerera asanavule n'komwe nsapato.

Anapempha kuti apite kumsonkhano wachiwiri. Bambo ake anakondwa kwambiri, nauza anzawo kuti, “Mwana wangayu Mulungu wam'gwira.” Kumeneko anasala kudya masiku awiri. Mlaliki ataitana ofuna kupereka moyo wawo, iye anapita kutsogolo ngakhale anali atapita kale kumsonkhano woyamba. Tsiku la mapepala anawonjezera mawu: “Ndinanamizira munthu wosalakwa.” Nalonso linapsa bwinobwino. Masikipa a misonkhano anakwana awiri, mavesi oloweza anachuluka, koma tulo tinachepa. Mlandu suola, ndipo uwu sunkapsanso.

Msonkhano wachitatu unali kumapeto kwa Ogasiti, patatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulire. Akulongedza chikwama, mayi ake anamuuza ndi mawu otsika kuti kumudzi kuja kwafika ankhoswe a bambo wina woumba njerwa kudzafunsira Etinala, ndipo amalume ake avomera. Ndaziona anatseka chikwama chake. Kenaka anakakwera lole.

Malo a msonkhanowo anali m'munsi mwa phiri lalikulu, pabwalo la mpira lozunguliridwa ndi mabulugamu. Panasonkhana achinyamata oposa mazana atatu. Masiku anayi onse ulaliki unali umodzi, wa Wosalakwa amene anasenza mlandu wa olakwa osatsegula pakamwa. Anzake ankafuula “Ameni”. Iye ankangoyang'ana pansi.

Tsiku lomaliza linafika. Ulendo uno analemba zonse: “Ambuye, ndikhululukireni. Foni inali yanga. Ndinanamizira Etinala.” Anapinda pepala kanayi, naima pamzere, naliponya m'moto pamodzi ndi a anzake omalizira.

Tsikulo kunali bata. Dzuwa linali paliwombo, ngakhale tsamba limodzi osagwedezeka. Mwadzidzidzi kumapeto kwa bwalo kunadzuka kamvulumvulu. Poyamba kanali kakang'ono, kongoseweretsa udzu wouma. Kenaka kanakula, kanatalika kuposa mabulugamu aja, kanadutsa pakati pa zigoli n'kulunjika pachidiramu ngati katumidwa. Nyimbo inadukira pakati. Moto unalira, ndipo phulusa ndi mapepala zinakwera kumwamba, zakuda ndi zoyera, kuzungulira pamwamba pa mitu ya anthu.

Onse anayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Musaganize kuti onse ankalemekeza Mulungu. Ambiri ankaopa kuti zinsinsi zawo zigwera m'manja mwa anzawo. M'busa wotsogolera msonkhano anafuula, “Wina asatole! Zimenezo si zanu!”

Mphepo inatenga zonse n'kupita nazo kuphiri. Kachidutswa kamodzi kokha ndiko kanatsalira. Kanatsika pang'onopang'ono, kakupendama uku ndi uku, mpaka kanatera pachifuwa pa Ndaziona n'kumatirira pasikipa yake. Kanali kakadali kofunda. Anakachotsa, nayang'ana. Zolemba zinali zake zomwe, inki yake yomwe. Moto unali utadya mawu opepesa, utadya za foni, utadya ndi za kunamizira zomwe. Pakati pa mphepete zakuda panatsala dzina lokha: Etinala.

Mantha amene anam'gwira sanali ngati a tsiku la foni lija. Aja anali oopa munthu. Awa anali oti pa anthu mazana atatu, Wina wamuona iye yekha, ndipo wam'dziwa. Anagwada pafumbi pomwepo.

M'busa uja anafika pafupi. “Mwana wanga, chavuta n'chiyani?”

“Abusa, moto wakana.” Anawaonetsa kachidutswako.

Iwo anawerenga. “Etinala ndi ndani?”

“M'bale wanga. Ndinamulakwira.”

“Ali moyo?”

“Ali moyo, abusa.”

“Nanga kuno ukudikira chiyani?”

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndaziona sanadikire chakudya chotsanzikana, sanadikire sikipa yachitatu, ngakhale lole ya mpingo. Anayenda pansi mpaka kumsewu waukulu, nakwera minibasi. Anafika kwawo dzuwa likupendeka, napeza bambo ake pakhonde. Anagwada patsogolo pawo.

“Ababa, foni ija inali yanga. Etinala sanalakwe. Ndinanama.”

Bambowo anamuyang'anitsitsa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Pomaliza anati, “Ndiye kuti ndinathamangitsa mwana wamasiye popanda mlandu.” Ndaziona anadziwa kuti za m'kwaya zatha, ndi kuti amayi a mvano apeza nkhani ina yomunenera. Koma bambo ake sanatchule zimenezo. Anangoti, “Mawa tilawirire.”

Kumudziko anakumana ndi Etinala panjira, akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Anali atawonda, mapazi atang'ambika ndi fumbi. Ndaziona anam'gwera kumapazi, madzi a m'ndowa akum'dontha pamsana.

“Ndawauza ababa zoona. Ndikhululukire, m'bale wanga. Koma unakhaliranji chete tsiku lija?”

Etinala anatula ndowa bwinobwino kuti madzi asatayike. “Ndinaona mmene unkanjenjemerera,” anatero. “Ine kuchotsedwa pakhomo ndinakuzolowera chimwalirireni amayi. Iwe sukanapirira.”

“Sunadane nane?”

“Ndinadana nawe, sindikunamiza. Masiku ambiri ndithu. Kenaka ndinatopa nazo, ndiye ndinangoyamba kukupempherera.”

Ndaziona anakweza maso. Tchuthi chonse anayendayenda, misonkhano itatu, akumva za wosalakwa wosenza mlandu wa wolakwa. Tsopano anaziona ndi maso, zitaima patsogolo pake ndi nkhata m'manja. Ndipo mtsikanayo sanapondeko kumsonkhano ngakhale umodzi. Ndaziona atacheuka anaona bambo ake, mkulu wa mpingo, atavula chipewa n'kugwada panjira ya kumjigo pamaso pa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amayi odutsa ndi ndowa zawo anaima n'kumaonerera.

Tsiku lomwelo amalume aja anamva zoona zake, natuma uthenga kwa ankhoswe kuti za banja zija ziime. Lolemba lotsegulira sukulu, atsikana awiri anatuluka pakhomo limodzi.

Tsono inu achinyamata amene mwadzaza pano, ndimvereni. Bwerani kumisonkhano, imbani mpaka mawu asase, lirani ngati misozi yabwera. Zonsezo n'zabwino, ndipo Mulungu sakana wolapa. Koma gawo lake iye amalimaliza yekha, gawo lanu amakubwezerani m'manja. Musanakwere lole yobwerera kwanu, funsani mtima wanu ngati m'mapemphero anu muli dzina la munthu wamoyo amene akulipira mlandu wanu. Ngati lilimo, musadikire msonkhano wa chaka chamawa. Pitani akadali pamsinkhu wobwerera kusukulu.