Mawu Amene Anatsala M'foni Yakale

M'shopu yometera ya bambo amene anthu ankamutcha Mlaliki, munthu unkalowa kudzameta tsitsi koma unkatuluka utamva ulaliki. Sunali ulaliki wa m'Baibulo ayi, unali wa foni. Kwa zaka khumi ndi zitatu bamboyu anagwiritsa ntchito mafoni a kampani imodzi yokha, ndipo ankaiikira kumbuyo ngati kuti mwini wake anali m'bale wake wa bere limodzi. Ukangokhala pampando, iye n'kukumanga nsalu m'khosi, makina n'kuyamba kulira, ndiye kuti wagwidwa. Ungathawire kuti mutu utametedwa mbali imodzi?

"Tatulutsani foni yanu tiione," ankatero. Ikakhala ya mtundu wina, ankapukusa mutu mwachisoni. "Chitini ichi, achimwene? Munthu wamkulu ngati inu, wa ndevu zanu?"

Amene ankalawa kwambiri lilime lakelo anali mlamu wake, mlongo wa malemu mkazi wake, yemwe anali ndi kashopu kokonza mafoni khomo loyandikana nalo. Mlamuyo anali munthu wofatsa, wogwira ntchito yake atazyolika, ndipo foni yake inali ya mtundu wonyozedwawo. Mlaliki ankamuitana kuti Dokotala wa Zitini, makasitomala n'kumaseka. Mlamuyo ankangomwetulira.

M'foni ya Mlaliki munali chinthu chimodzi chimene sankachitchula pa ulaliki wake. Zaka zisanu m'mbuyomo, mkazi wake ali gone m'chipatala masiku ake omaliza, anapempha foniyo, namuuza mwamuna wakeyo kuti ayambe watuluka. Anajambula mawu ake kwa mphindi zinayi. Pobweza foniyo anati, "Awa si anu. Ndi a mwana wathu. Mudzamumvetsere tsiku limene adzabereke mwana wake woyamba." Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi. Mwanayo ankadziwa za mawuwo ndipo ankawadikira, ndipo tsopano anali woyembekezera, mwezi wake utayandikira.

Tsiku lina mlamu uja anayesapo kulankhula. "Alamu, mawu a chemwali ajatu tiwasungenso pena. Foni ndi foni, imagwa, imabedwa."

"Mawu a mkazi wanga alowe m'chitini? Yanga siitaya kanthu, Dokotala. Samalani za odwala anu."

Koma foni nayo imakalamba. Ya Mlaliki inayamba kutentha, batire n'kumatha dzuwa lisanafike pamutu, moti inkangokhala pachaja tsiku lonse pafupi ndi galasi. Pamenepo n'kuti maso ake atayamba kale kuba. Akamameta munthu, ankasuzumira pamwamba pa phewa kuona mmene zitini zija zinkajambulira zithunzi zowala, ndipo anamva kasitomala wina akunena kuti yake imatha masiku awiri osaitchaja. Pakamwa ankanyozabe, koma mtima unali utawoloka kale.

Lolemba, tsiku limene sankatsegula shopu, anakwera basi kupita kusitolo ina yakutali kumene ankati palibe angamudziwe. Sitoloyo inkalandira foni yakale munthu akamagula yatsopano. Anasankha chitini chake mwamsanga, mutu uli pansi. Mtsikana wogulitsa anali atangoyamba kuchotsa simu m'foni yakale pamene mawu anamveka kumbuyo.

"Aaa! Si a Mlaliki awa? Nanunso mwabwera kudzabatizidwa?"

Anali dalaivala wa takisi, kasitomala wake wa zaka zambiri, yemwe foni yake inanyozedwapo kosawerengeka. Mlaliki anatembenuka. "Ndikugulira mwana," ananama. "Ana a masiku ano samva."

Mtsikana uja, posadziwa kanthu, anafunsa mwaulemu. "Bambo, zinthu zanu mwasamutsa kale? Mitundu iwiriyi ndi yosiyana, zinthu sizisamuka zokha. Ngati simunatero, khalani pansi ndikuthandizeni."

Dalaivala anatchera khutu, mano ali pamtunda. Kukhala pansi kukanatanthauza kuvomera kuti foniyo inali yake, ndiponso kuti mphunzitsi wa mafoni akuphunzitsidwa ndi kamtsikana. Komanso iye ankadalira zimene anazolowera. M'mbuyo monsemo, akagula foni ina ya kampani yake ija, ankangolemba imelo ndi nambala yachinsinsi, zinthu zonse n'kubwerera zokha ngati nkhuku madzulo.

"Mwanawe," anatero mokweza kuti dalaivala amve, "ine ndinayamba kugwira mafoni iwe usanamere mano. Kulunga tizipita."

"Chabwino bambo. Yakaleyi timaisunga masiku atatu tisanafufute zonse, mwina mungakumbukire china."

Mawu omalizawo anamupeza ali kale pakhomo.

Atafika kunyumba anakhala pakhonde, nalemba imelo yake m'foni yatsopanoyo. Manambala a anthu anabwera. Zithunzi zingapo zakale zinabwera. Anafufuza uku ndi uku, kutsegula chilichonse chotseguka, koma mawu a mkazi wake sanaoneke. Komabe anadzilimbitsa kuti mwina netiweki ikuvuta, afika mawa. Anaiveka foniyo chikuto chakuda chokhuthala kuti chizindikiro chake chisaoneke, ndipo kuntchito ankaibisa m'dirowa ya malezala.

Lachiwiri mawu sanafike. Mlaliki anapita mpaka pakhomo la mlamu wake, koma atapeza anthu awiri akudikira pabenchi, anangobwereka tsache n'kubwerera. Lachitatu anapitanso. Ulendo uno mlamuyo anali yekha, akumasula foni ya munthu ndi kasikuludiraiva kakang'ono.

"Kwagwanji alamu? Nkhope yagwatu."

Mlaliki anatsegula pakamwa. Anaona m'maganizo mwake mmene nkhaniyo ikanayendera mumsewu wonsewo, kuchokera kwa wosoka nsapato mpaka kwa mayi wogulitsa zipatso, aliyense akuseka kuti m'busa wasiya mpingo wake.

"Mutu chabe," anayankha. "Ndi kutenthaku."

Kubwerera kusitolo kuja nako kunkamulemera, chifukwa kunali kukagwada kwa mtsikana amene iye anamunyoza pagulu. Anazengereza mpaka Lachisanu. Mtsikanayo anamuzindikira nthawi yomweyo, ndipo sanamubwezere chipongwe, chimene chinamupweteka Mlaliki koposa.

"Pepani bambo. Tinafufuta dzulo masana, ndipo yagulidwa m'mawa uno."

Anatuluka, nabwerera kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ulaliki unatha m'shopu muja. Ankameta anthu ali chete, makasitomala n'kumafunsana ngati akudwala. Mwana wake akaimba foni kunena za kusikelo, iye ankayankha mwachidule n'kudula. Anali ndi manyazi amene sankadziwa powatula.

Patapita sabata ziwiri, mkamwini wake anaimba m'mawa kuti kwabadwa mwana wamkazi. Mlaliki ndi mlamu wake anatseka mashopu awo, napita limodzi kuchipatala pa nthawi yoona odwala. Anamupeza mwana wake atatsamira pilo, wotopa koma akumwetulira, khanda lili pachifuwa. Anthu atasangalala ndi kulinyamula khandalo mosinthana, mwana wa Mlaliki anatambasula dzanja.

"Adadi, lero ndi lero. Ndipatseni amayi."

Mlaliki analowetsa dzanja m'thumba, natulutsa foni ija. Mlamu wake anangoiyang'ana kamodzi. Munthu wokonza mafoni sungamubisire ndi chikuto.

"Alamu, iyi mwagula liti? Yakale ili kuti?"

Panalibenso kothawira. Ataimirira pakati pa mabedi, amayi ena a m'chipindamo akumva, anafotokoza zonse: za sitolo, za dalaivala, za mtsikana uja, za masiku atatu, ngakhale za tsache lomwe. Mawu ake, amene ankadzaza shopu yonse, tsiku limenelo anthu ankachita kuwatchera khutu.

Mlamuyo anatenga foniyo, napempha imelo ya ku kampani yakale ija, nafufuza kwa kanthawi mwina mwake china chinasungika pa intaneti. Kenaka anaibweza pang'onopang'ono.

"Malo anu osungira zinthu anadzaza kalekale. Mawuwo anali m'foni muja mokha." Anapuma kaye, maso atafiira. "Inali ntchito ya theka la ola, alamu. Chingwe chake ndili nacho. Uja anali mlongo wangatu. Mukuganiza kuti ndikanakusekani?"

Mlaliki anabweza foniyo m'thumba. Akanakonda mlamuyo akanamutukwana.

Mwana wake sanakalipe. Anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu ya khanda, nayesa kumwetulira kuti awapeputsire bambo ake katundu. "Zachitika, adadi. Ndiye ingondiuzani inuyo. Munakhala nawo zaka zisanu, muyenera kuti munawaloweza. Amayi anati chiyani?"

Apa ndi pamene Mlaliki anakhala pansi pakampando ka pambali pa bedi.

"Sindinawamvereko, mwanawe. Anati si anga. Sindinawatsegulepo ndi tsiku limodzi lomwe."

Mwana uja anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kukhoma, nakumbatira khanda lake. Zimene mayi anakonzera mwana wake ali pabedi la imfa, palibe munthu padziko amene adzazidziwe. Sanazitaye wakuba, sunazitaye moto. Anazitaya mwamuna amene anasunga lonjezo zaka zisanu, n'kulephera kunena kamodzi kokha kuti, "Sindikudziwa, ndithandizeni."

Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.