Telesikopu Yopanda Miyendo

Panali mwamuna wina, dzina lake Dalikeni, mwana woyamba wa mphunzitsi wopuma ntchito wa kumapiri a ku Dedza. Bambo akewo anali ndi telesikopu, chipangizo choonera nyenyezi, ndipo ankaisamala kuposa njinga yawo. Inali ya zigawo ziwiri. Pamwamba panali chipaipi choyera chokhala ndi magalasi. Pansi panali miyendo itatu yachitsulo, yokhala ndi mutu wolemera ndi kamota kamene kankatembenuza chipaipicho pang'onopang'ono kuti chizitsatira nyenyezi, poti nyenyezi siziima malo amodzi.

Aphunzitsiwo atamwalira, atsibweni anabwera kudzagawa katundu wamasiye. Ana anali awiri, Dalikeni ndi mlongo wake Sungeni. Atsibweniwo za nyenyezi sankazidziwa. Ataona chipaipi pabedi ndi miyendo pakona, anati izi ndi zinthu ziwiri, aliyense atengepo chimodzi, ndipo wamkulu ayambe kusankha.

Dalikeni sanaganize kawiri. Maso ake anali kale pa chonyezimiracho.

"Achimwene, izitu sizilekana," anatero Sungeni. "Zikhale pamodzi, kaya kwanu kaya kwathu."

"Choonera ndi ichi," Dalikeni anayankha akusisita chipaipi. "Zitsulozo ukagulitse kwa ogula zakutha, upezeko ya mchere."

Anthu anaseka. Sungeni sanaseke, poti ndiye ankanyamula miyendo ija pamutu akamakwera phiri ndi bambo ake. Anaikulunga m'chitenje napita nayo kwake. Kuyambira tsiku limenelo, awiriwa ankangopatsana moni akakumana pamaliro.

Amayi awo anapita kukakhala kwa Dalikeni ku Lilongwe kuti akhale pafupi ndi chipatala, chifukwa matenda a shuga ankawadya maso. Zakutali zinali zitawathawa kale. Chimene ankaonabe chinali chinthu chowala akachiyandikizitsa kumaso, monga chithunzi cha pafoni.

Chakumapeto kwa chilimwe kunaoneka nyenyezi ya mchira. Inkatuluka kumadzulo dzuwa likangolowa, ikhala pang'ono, nayonso n'kulowa. Amayi atamva nkhaniyi pawailesi anamuitana mwana wawo.

"Bambo ako ankaidikira nyenyezi imeneyi. Anandilonjeza kuti ikadzabwera adzandijambulira. Chipangizo chawo chili ndi iwe. Undijambulire ndiione, maso asanatseke."

"Zimenezo n'zosavuta, amayi," anatero Dalikeni.

Anapita mutauni nagula timiyendo ta kamera, topepuka, tokongola, totheka kunyamula ndi dzanja limodzi. Anamangirirapo chipaipi chija ndi malegeni, nalumikiza kamera kumbuyo kwake. Koma galasi lokuza nyenyezi limakuzanso kunjenjemera. Kamphepo kakangodutsa, nyenyezi inkavina. Iye akangokhudza batani, inkathawa. Chithunzi chinatuluka ngati nyongolotsi zoyera zikukwawa pa bolodi.

"Yatheka?" amayi anafunsa ali pakhonde.

"Mawa, amayi."

Mawa lake anasanja njerwa, nagoneka chipaipi pamwamba, nachitsamiritsa ndi matumba a mchenga. Kunjenjemera kunatha, koma vuto lina linadzuka. Kuti kamera itole kuwala kofooka chonchija imafunika kuyang'ana nthawi yaitali, ndipo njerwa sizitsatira nyenyezi. Nyenyezi inkatsetsereka n'kutuluka m'galasi, kusiya mzere wa mbuu. Dalikeni anatukwana njerwa, anatukwana wogulitsa timiyendo, anatukwana ngakhale nyali za anansi ake. Anatukwana zonse kupatula iye mwini amene anasankha chipaipi n'kusiya miyendo.

Ndikuuzeni, munthuyu sanali mbuli. Ankadziwa bwino lomwe kumene kunali miyendo. Madzulo alionse ankatulutsa foni, n'kupeza dzina la mlongo wake, n'kuyang'ana, n'kuibweza m'thumba. Mawu ake aja a mchere ndiwo ankamubweza. Ankaopa kusekedwa monga iye anaseketsera anthu.

Uku nyenyezi inali kuzilala. Tsiku lililonse mchira wake unkafupika. Kum'mawa mitambo ya mvula yoyamba inayamba kuunjikana. Ndipo funso la amayi silinkasintha.

"Yatheka?"

"Mawa, amayi."

Tsiku lina m'mawa anawaona akuthira tiyi. Kapu inali apa, iwo ankathira apo, tiyi n'kumayenderera patebulo iwo osadziwa. Dalikeni anagwidwa ndi mantha. Sanadyenso. Anakulunga chipaipi m'bulangete, anawakweza amayi m'galimoto, nauyamba ulendo wa ku Dedza.

Anafika dzuwa litapendeka. Sungeni anatuluka naima pakhomo atapinda manja.

"Chemwali, ndabwera ndi chipaipi chija," Dalikeni anatero, maso ali pansi.

"Mwayamba kugula zitsulo zakutha, achimwene?"

Pomwepo Sungeni anaona amayi ake akutsika m'galimoto, dzanja lili patsogolo kupapasa njira. Sungeni anamasula manja amene anapinda aja. Analowa m'nyumba natuluka ndi miyendo ija. Inali yopukutidwa, yothiridwa mafuta, yopanda dzimbiri ngakhale pang'ono.

Anakaimika kuseri kwa nyumba, poonekera kumadzulo. Ntchitoyi siifuna phuma. Miyendo iyenera kuima molingana. Mutu uyenera kuloza kummwera ndendende. Chitsulo cholemera chokhala mbali ina ya mutuwo chiyenera kusunthidwa mpaka chilingane ndi chipaipi. Sungeni ankachita zimenezi mwakachetechete, Dalikeni akumupatsira zomangira. Dzuwa linalowa. Mitambo yakuda inali itadutsa kale pamwamba pa phiri, ikuthamangira kumadzulo. Patali kunagunda bingu.

"Fulumira, chemwali."

"Mukandifulumizitsa tiyambiranso."

Kamota kanayamba kulira chapansipansi. Mphepo ya ku Dedza inawomba mpaka kugwetsa ndowa pakhonde, koma chipaipi sichinagwedezeke. Kumadzulo kunatsala kampata kamodzi pakati pa mitambo, ndipo m'kampatamo munali nyenyezi ija, yofooka ngati utsi wa kandulo. Dalikeni anadina batani nachotsa manja. Awiriwo anaima osapuma bwino, akuyang'ana mtambo ukudya kampatako. Dontho loyamba linamugwera Dalikeni pamphumi. Kamera inamaliza, ndipo mtambo unatseka.

Chithunzi chinatuluka. Mutu wa nyenyezi unali wowala, mchira utatambasuka bwinobwino, tinyenyezi tozungulira tili nga nga nga ngati mchenga. Dalikeni anachisamutsira pafoni, anakweza kuwala mpaka pamapeto, nathamangira pakhonde pamene amayi anakhala atafunda shawelo.

"Amayi, yatheka! Nayi!"

Anawaika foni m'manja. Amayi anaiyandikizitsa kumaso mpaka inakhudza mphuno. Anaipendeketsa uku, anaipendeketsa uko. Kuwala kwake kunawayeretsa nkhope yonse. Kenako anafunsa mofatsa.

"Wayatsa kodi, mwanangu?"

Dalikeni anakhala pansi pa simenti nalira ngati mwana. Mvula inayamba kugwa pamalata.

Inu amene mukundimvera, ena mwa inu mudzafuna kukhala ndi chipangizo chotere. Mukadzapita kukasankha, maso anu adzathamangira ku galasi lalikulu, ndipo wogulitsa sadzakuletsani. Inu mudzayambe mwagwada n'kugwedeza miyendo. Galasi laling'ono loima pa miyendo yolimba lidzakuonetsani zambiri kuposa galasi lalikulu loima pa bango. Koma sindikunena za telesikopu zokha. Aliyense wa inu ali ndi munthu amene anamusiyira zolemera, iye n'kutenga zonyezimira. Mukumudziwa, ndipo nambala yake muli nayo m'thumbamo. Dalikeni anapita, ndipo anachita bwino kupita. Chimene chinamulanda zonse ndi mawu aja akuti mawa.