Chaka Chimene Musi wa Lekeleni Unaleka Kumveka

Kale ndithu, msewu uwu ukadali kanjira ka mbuzi, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, a Namilanzi, Mulungu awagoneke pabwino. Tonse takhala panofe ndife mbewu yawo. Anali munthu wopemphera, koma wouma mutu. Akati ayi, ndi ayi basi.

Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, Lekeleni. Mwamuna wake, Bitoni, anam'tenga chitengwa kupita naye kutsidya kwa dambo lija. Kutali? Ayi, si kutali. Koma masiku amenewo mpongozi sankangotulukira pakhomo pa mkamwini. Akakumana m'njira ankathawana, wina n'kupatukira kutchire. Nanga a Namilanzi ankadziwa bwanji za mwana wawo?

Ankamvera mtondo.

Inu ana a lero mumayesa mtondo unali wokonolera chimanga basi. Ayi. M'mawa uliwonse musi wa Lekeleni unkamveka kuwoloka dambo: gu! gu! gu! Mayi ake ankauzindikira pakati pa misi yonse ya kutsidyako, pakuti mtsikanayo ankasinja mofulumira, akuimba ndi mawu okwera. Akakondwa, nyimbo inkanena. Bitoni akachedwa kumowa, nyimbo inkam'tchula, mudzi wonse n'kuseka, iye manyazi gwa. Lekeleni atapita padera koyamba, nyimbo ndiyo inanena. Kachiwirinso, nyimbo yomweyo. A Namilanzi ankaima kuseri kwa nkhokwe, khutu lili kutsidya. Akaumva musiwo ankati, "Zikomo Ambuye, wadzuka," n'kunyamula khasu lawo.

Tsono chaka china kunafika mtchona wina wochokera ku Halale ndi chitsulo chake, n'kuchimangira chisakasa pamphambano. Chigayo! Ntchito imene amayi ankavutika nayo m'mawa wonse, icho chinkaimaliza munthu asanapume n'komwe. Amayi anayamba kupeza nthawi ya kudimba. Ena ankakazinga mtedza n'kumagulitsa kwa anthu a pamzere, telala anabwera ndi makina ake, pamphambano paja n'kusanduka kamsika. Koma chigayo cha nthawiyo sichinkakonola. Chinkangogaya chimanga ndi gaga yemwe, n'kutuluka mgaiwa.

"Mgaiwa?" anatero a Namilanzi. "Chakudya cha akaidi! Ufa wonunkha mafuta a galimoto! Phazi langali silidzaponda kumeneko."

Ndiye m'mawa wina, kutsidya kuja, musi wa Lekeleni zii. Ya ena inkamveka apo ndi apo, koma wake zii. Mawa lake zii. Mwezi unakhala, unatha, wina unakhala, zii.

Mnzawo wa nyumba yoyandikana, a Nazimbiri, sanachedwe kubweretsa nkhani. "Anzanga, mwana wanu uja wayamba chizungu. Sachoka kuchigayo. Akuti musi umakhakhalitsa manja."

"Wanga ine? Amene ndinam'phunzitsa ndekha kupeta? Pakamwa panupo, a Nazimbiri, pafunika chitseko."

Anayankha choncho, koma mtima unali m'mwamba. Kodi ulesi umam'gwera munthu tsiku limodzi ngati malungo? Mwana amene ankasinja ngati akuthamangitsidwa? Kapena wadwala? Kapena akum'menya, ndipo alibe poimbira? Ankapemphera, akadzuka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe kuja, koma zii.

Mukuganiza anatani munthu wouma mutu uja? Anawameza mawu awo. Anathira chimanga m'kadengu kuti anthu aziti akukagayitsa, n'kuuyamba wa kumphambano.

Asanafike n'komwe, phokoso linawalonjera: thu-thu-thu-thu! Utsi wakuda, amayi mbuu ndi ufa m'mitu. Ali chiyang'anire mwana wawo m'khamumo, anaona munthu akuchokera kuchitsime. Mwamuna, ndevu zake pepeya, nkhata pamutu, debe la madzi pankhatapo. Bitoni!

Masiku amenewo mwamuna ankatunga madzi liti, ana inu? Mkazi akathawa, kapena akatsikira kumanda. A Namilanzi anangoti khu pansi, kadengu uko, chimanga mbwee.

"Mayo ine! Mwana wanga! Andibisira maliro anthu awa! Mayo!"

Anthu anathamangira pomwepo. Bitoni ataona kuti ndi apongozi ake anafuna kuthawa monga mwa mwambo, koma ungathawe bwanji ndi debe pamutu? Anagwada kuseri kwa chulu atafulatira, madzi onse khuthu kumsana.

"Apongozi, pepani, tontholani. Kulibe zovuta."

"Kulibe zovuta, munthu wamkulu muli ndi nkhata pamutu? Nenani, bambo! Cham'peza n'chiyani mwana wanga?"

"Ali kuseri kwa chisakasaku, apongozi. Akugulitsa mtedza."

Ndipo taonani, Lekeleni akutulukira, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, chitenje chitakwera kutsogolo. Mayi ake anangoti maso tong'o pamimbapo, kulira kuja n'kudukira pakati.

"Amayi, mwatani? Mukundilira ndili moyo?"

Anawakokera pambali n'kuwanong'oneza. "Azamba anandiuza kuti ndikafuna uyu akhale, ndisanyamulenso musi kapena mtsuko mpaka nditachira. Ndiye akamwini anuwa anakapangana ndi mwini chigayo. Iwo amatunga madzi oziziritsira injini, ife chathu chimagayidwa. Anzawo akumowa amawaseka, akuti avala liti duku. Koma sanajombepo."

"Nanga osanditumira mawu, mwana iwe? Ndatha ine!"

"Si inu nomwe munandilangiza kuti pakati sitilengeza pasanaoneke? Kukanakhala kumtondo ndikanaimba, inu n'kumva. Koma pano ndiimbire pati? Munthu sumva ngakhale mawu ako omwe."

A Namilanzi anaseka, analira, anasekanso. Anagwada pafumbi pomwepo, chigayo chili thu-thu-thu, n'kuyamika Mulungu amene anamva pemphero lawo kudzera m'chitsulo chimene iwo ankachitukwana. Atadzuka analankhula moyang'ana kumbali, mwaulemu wake.

"Bambo, dzukani kuchuluko. Bwererani kuchitsime, chitsulo chathuchi chingapse."

Anatola chimanga chawo chija, n'kuika kadengu pamzere. Mgaiwa anaudya tsiku lomwelo. Kuuyamikira ayi, mpaka imfa yawo ankati ukununkha. Koma kuyambira pamenepo, tsiku la msika lililonse ankapita kumphambano, n'kukakhala ndi mwana wawo pamthunzi, patali ndi phokoso, kumufunsa zonse pamaso. Mvula itagwa, mwana anabadwa wamoyo, wonenepa, wolira mokweza. Ameneyo ndiye anabala agogo anu.

Ndiye mwamva, ana inu? Kwathu kuno chinthu chatsopano sitichikana, pakuti popanda chigayo chija bwenzi ena a inu kulibe. Koma chikabwera timafunsa kuti, pochotsa thukutali, chachotsanso chiyani chimene chinkayenda nalo? Tikachipeza, timachilondola ndi mapazi. N'chifukwa chake mlongo wanu wa ku Lilongwe uja, ngakhale amaimba foni tsiku ndi tsiku, Loweruka lino amayi anu akwera basi kukamuona ndi maso. Lekani kuwaseka. Apemphererani ulendo wabwino, ndipo muwathandize kunyamula thumbalo mpaka kumsewu.